Kodi Aleke Banda anawachitira chiyani alimi?

MwanaWaKuNamwera:
Akuluakulu, ndithandizeni. Agogo anga kuno ku Namwera, nkhani ya makuponi a feteleza ikangoyamba, amapukusa mutu n'kumati, "Aleke yekha ndiye ankamudziwa mlimi." Ine ndinabadwa mu 2001, dzinali ndimangolimva. Munthu wa ku Tukombo, kutali ku Nkhata Bay, anawagwira mtima bwanji agogo a ku Mangochi?

Che Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga, agogo akowo akunena za sitata paki. Aleke anali nduna ya zaulimi m'boma la Bakili Muluzi pamene ndondomekoyi inayamba mu 1998. Banja lililonse la mlimi wamng'ono linkalandira kathumba kaulere: feteleza pafupifupi makilogalamu 15, mbewu ya chimanga cha haibulidi makilogalamu 2, ndi kambewu ka nyemba kapena mtedza. Kunalibe zoti uyu ndi wachibale wa amfumu, uyu ayi. Ine ndinakanyamula pa njinga kuchokera kusukulu komwe ankagawira, ndipo kandime kakuseri kwa nyumba kanadzaza nkhokwe mpaka mayi akunyumba anayamba kugawira apongozi. Mu 1999 ndi 2000 chimanga chinachita kutayika. Usaiwalenso kuti bamboyu anakhala m'ndende zaka 12 nthawi ya Kamuzu, kuyambira 1980 mpaka 1992, osazengedwa mlandu. Atatuluka anayambitsa nyuzipepala ya Nation mu 1993. Anamwalira mu 2010.

Abiti wa ku Makanjira:
Aphunzitsi, mwakometsa kwambiri. Kathumbako kankangokwana kamunda kochepa, kosafika ndi theka la ekala lomwe. Ndipo kanabwera chisankho cha 1999 chili pakhomo, tisanamizane. Atayamba kusankha olandira, njala ya 2002 inatipeza chimodzimodzi. Ife tinadya gaga chaka chimenecho, ena mpaka zitsinde za nthochi.

Che Mphunzitsi Wopuma:
Abiti, njalayo sindikukana, tinaika maliro ambiri. Koma mwanena nokha kuti inadza atachepetsa olandira. Ndiye cholakwika chinali kathumbako kapena kukachepetsako?

Mlovi wa pa Malombe:
Ife a kunyanja timangokumverani. Nduna iliyonse ikabwera imakamba za chimanga basi, ngati nsima imadyedwa yopanda ndiwo. Chambo chinatha mu Malombe tikuona, palibe anatibweretsera sitata paki ya maukonde. Koma paja agogo akowo amalima chiyani, fodya kapena chimanga? Ukawafunse kaye, chifukwa a fodya ku Namwerako ali ndi nkhani yawoyawo.