Katemera wa mashingozi akuteteza ku matenda oiwalaiwala? Zoona izi?

Nabanda_77: Anzanga otsata zaumoyo ndithandizeni, ndamva kuti katemera wa mashingozi akuchepetsa chiopsezo cha dementia, matenda oiwalaiwala a anthu okalamba aja. Koma mashingozi si a pakhungu? nde ubongo ukulowapo bwanji, kapena akungofuna kugulitsa majakisoni basi

Mphunzitsi wa Bayo: Mayi si mphekesera ayi. Ku Wales, ku UK, mu 2013 atayamba kupereka katemera wa Zostavax anadula malire, wobadwa pa 2 September 1933 kapena pambuyo pake anali ndi mwayi wobayidwa, wobadwa tsikulo lisanafike ayi, olo atasiyana ndi mnzake sabata imodzi yokha. Nde akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ku America anaunika zaka 7 za anthuwa mpaka kupeza kuti katemerayu anachepetsa dementia ndi pafupifupi 20 peresenti, makamaka kwa azimayi, zinatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature mu 2025. Chimene chandigwira mtima ine ndi malirewo, pajatu nthawi zambiri othamangira katemera amakhala anthu odzisamala kale ndiye sudziwa ngati wathandiza ndi katemera kapena khalidwe lawo, koma apa chinawasiyanitsa ndi tsiku lobadwa basi.

Sisi Thoko: Zapakhunguzo, mashingozi amayambira m'mitsempha (ma nerve, osati ya magazi). Ndi kachilombo komwe kaja ka katsabola, ukachira sikachoka kamangobisala zaka ndi zaka, chitetezo chikafooka ndi ukalamba kamadzuka ndipo kamatha kutupitsa ngakhale mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Ena akuti katemerayu akuthandiza poletsa kachilomboko kudzuka, ena akuti akungotakasa chitetezo chonse cha m'thupi, mkanganowu ukadalipo.

Achimwene Jay: Tisathamange abale. Zostavax yo ku America anasiya kupereka mu 2020, pano ndi Shingrix ya kampani ya GSK, majakisoni awiri. A ku yunivesite ya Oxford mu 2024 anafananiza Zostavax ndi Shingrix, pa anthu amene anadzadwala dementia a Shingrix anachedwa kupezeka nayo ndi masiku 164. Kuchedwetsa kumeneko, osati kuchiza, komanso awa anangowerenga mafayilo a odwala.

Nabanda_77: Zikomo nonse. Nde agogo amene ayamba kale kuiwala mayina a zidzukulu tikawabayitse?

Sisi Thoko: Kaye apite nawo kwa dokotala awaunike, kuiwala kwina kumabwera ndi kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro kapena mankhwala amene akumwa ndipo kumeneko kumachizika. Zakatemerazo mukafunse konko, amatetezadi ku mashingozi ndi ululu wake uja wosatha, koma zimene aiwala kale sangawabwezere.