Thanki ya madzi ya kusukulu: ya pulasitiki kapena yomanga?

A Wapampando: Abale, ndalama zomwe tinasonkha zija zilipo. Tigule thanki ya pulasitiki, kapena timange ya njerwa ndi simenti? Lankhulani tisanavote.

Aphunzitsi: Ine ya pulasitiki ayi. Tengani chidebe chomwe chakhalitsa padzuwa, muchikande ndi chikhadabo, muona ufa woyera utatsalira kuchala. Ufa umenewo ndi pulasitiki yonyenyeka, ndipo tizidutswa tina sitioneka n'komwe ndi maso. Mu 2022 ofufuza a ku Netherlands anapeza tizidutswati m'magazi a anthu 17 mwa 22 omwe anawayeza. Tiwamwetse zimenezo ana athu?

A Msungichuma: Aphunzitsi, yomangayo ndalama sizikwana. Tikamadikira kusonkhanso, anawo azimwa chiyani?

Anamwino: Nkhawa yanu ndi yoona aphunzitsi, koma tiyambe ndi chomwe chimapha msanga. Mwana akamwa madzi a tizilombo, sabata satha asanatsegule m'mimba, ndipo kolera sachedwa kutenga munthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litaunika nkhaniyi mu 2019 linati, pa umboni womwe unalipo, chiopsezo cha tizidutswato m'madzi akumwa chinkaoneka chochepa, ndipo patsogolo pakhale kuthana ndi tizilombo. Thanki ya simenti nayo ikang'aluka kapena ikapanda kutsukidwa imadwalitsa.

Chomwe chimandipweteka mtima ine ndi pulasitiki ikakumana ndi kutentha. Chakudya chochoka pamoto chimathiridwa m'jumbo, jumboyo n'kufewa mpaka kumatirira, mwana n'kudya. Kutentha kumatulutsa mankhwala a m'pulasitiki, ndipo ena, monga BPA, amasokoneza mahomoni m'thupi. M'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya wa European Union analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Nanga oyatsira moto majumbo aja, utsi wake amapuma ndani? Pamwamba pa zonse, chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu chisasungirenso madzi, ngakhale muchitsuke chotani.

Aphunzitsi: Ndamva amayi. Komabe thankiyo ikhala panja, dzuwa likuiwotcha chaka ndi chaka.

A Msungichuma: Pamenepo ndiye tingathe. Zotsala zikwana denga la malata ndi mizati yake.

Aphunzitsi: Ngati denga likhalepo, ndipo tigule yopangidwira madzi akumwa, yatsopano, osati yomwe inasungirapo zina, ndivomera. Koma yomangayo isachoke m'mapulani athu.

A Mlembi: Ndalemba: thanki yatsopano ya madzi akumwa, yovundikira, pansi pa denga. Anamwino, mungakalankhule ndi makolo za majumbo ndi zigubuzi pa tsiku loipereka?

Anamwino: Ndipita. Koma musankhiretu woti aziitsuka, dzina lake lilowe m'maminitsi tisanavote.