Amayi akukwera ndege koyamba, adzawasamalira ndani?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Amayi anga, a ku Chinamwali konkuno ku Zomba, akwera ndege mwezi wamawa kuchokera ku Chileka kupita ku Johannesburg kukaona mchemwali wanga. Amayendera ndodo, ndipo Chingerezi sachimva n'komwe.

Ku America ndi ku Ulaya lamulo limati pakhale wothandiza okwera mmodzi pa mipando 50 iliyonse. Kwa ine zikuchepa ndithu. Chichitikireni za pa 11 Sepitembala 2001, pomwe zigawenga zidalanda ndege ku America, chitseko cha oyendetsa ndege chimakhala chokhoma, ndiye woledzera wina akayambitsa chipwirikiti, othandiza atatu okha a m'ndege ya mipando 150 angamugwire bwanji kwinaku akuyang'anira agogo ngati amayiwa?

Inu amene munakwerapo, chikuku cha olumala ndipemphe pogula tikiti kapena tikafika pabwalo pomwepo?