Disiki yachiwiri ikukana kudzutsa seva, upgrade ndi Loweruka lino

TechNchalo: Akuluakulu zandikwana. Seva ya pa ofesi ili pa Ubuntu 20.04, support yake inatha Meyi 2025, abwana akufuna 22.04 Loweruka lino. Madisiki awiri a 2TB, sda ndi sdb, ali pa mdadm RAID1 (mirror, chilichonse chimalembedwa pa onse awiri), /proc/mdstat ikuonetsa [UU], kutanthauza kuti onse awiri ali bwinobwino. Pulani yanga: ndizule sdb, ndiponye do-release-upgrade pa sda, zikavuta ndibwerere ku sdb. Madzulo ano ndayesa kudzutsa ndi sdb yokha, makina angoti no bootable device. Nanga mirror imeneyi ntchito yake nchiyani? Ndi UEFI. Musandiuze zogula seva ina, ndalama palibe.

Ngabu_sys: Achimwene, mdadm imakopera partition yomwe ili mu array basi. EFI partition, yomwe makina amadzukirapo, ili kunja. Onani lsblk, mupeza sda1 ili pa /boot/efi pamene sdb1 ilibe kanthu, mwina kulibe nkomwe. Ngati ilipo, ipangeni vfat, type ikhale EFI, kenako dpkg-reconfigure grub-efi-amd64, ikufunsani poika grub, chongani onse awiri. Mukatero efibootmgr -v ionetse ma entry awiri. Mu fstab, mzere wa /boot/efi uli ndi UUID ya sda1, ikanipo nofail, apo ayi sdb idzadzuka koma nkukakusiyani mu emergency mode.

Mdala wa Bangula: RAID si backup. Backup yanu ili kuti?

TechNchalo: Mdala sindinanene kuti ndi backup. Ndikufuna njira yobwerera msanga. sdb1 ilipo, ilibedi kanthu.

Mdala wa Bangula: Mukazula sdb, mulibenso mirror. Muli ndi disiki imodzi yomwe mukuiphwasula dala, ndi ina yomwe simunaonepo ikudzuka yokha. Tengani disiki ya external, kopani /etc, /home ndi dump ya database, muiike chipinda china. Zina zonsezo pambuyo.

Net_Nsanje: Ine nkhawa yanga ndi pobweza. Madisiki awiriwo ali ndi UUID ya array imodzimodzi. Mukadzutsa sda yokha, kenako sdb yokha, iliyonse imadziona ngati yolondola. Mukawalumikiza onse nthawi imodzi mdadm imatenga yomwe ili ndi Events zambiri, sikufunsani kuti mumafuna iti. Choipa kwambiri ndi --re-add pamene pali bitmap (kaundula wa tizigawo tomwe tasintha): imangokonza tizigawo tomwe mbali imodzi inalemba, za mbali inayo nkutsala, ndiye filesystem imakhala theka 20.04 theka 22.04 koma mdstat ikuti [UU]. Disiki yomwe mwaitaya muyambe mwaipanga --zero-superblock, kenako --add, iyambe resync, kukopera zonse za disiki inayo, kuchokera pa ziro. Ndipo osadalira dzina loti sda kapena sdb, mayinawa amasinthana mukazula chingwe. Lembani serial pa tepi, mumate pa disiki, mufananize ndi lsblk -o NAME,SERIAL musanadine Enter.

Ngabu_sys: Zoona achemwali. Ndiwonjezere: musachite --fail makina akuyenda. Zimitsani bwino, zulani chingwe cha SATA ndi manja. Mukadzayesanso sdb yokha ija nkudzuka, kumbukirani kuti array yagawika kale, idzafuna resync musanayambe zenizeni.

Dyeratu: Resync imeneyo ndiye imandiopsa ine kuno. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankavuta miyezi yambiri. Pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, mnyamata wawo anachita ndendende zomwe mukufunazi. Upgrade inayenda, anthu anasangalala. Atabweza disiki yachiwiri resync inafika cha pakati, disiki yoyamba inagunda bad sector poti panali dera lomwe silinawerengedwepo zaka. Yachiwiri inali itafufutidwa kale. Ndinapeza mayi wa akaunti atakhala pakhonde ndi mafayilo a mapepala pamiyendo, akuyamba kulowetsa malipiro a mwezi wonse pa laputopu. Chonde smartctl -a pa onse awiri, muone Current_Pending_Sector ndi Reallocated_Sector_Ct. Komanso echo check ku sync_action ya array, ithe kaye, musanazule chilichonse.

Mdala wa Bangula: Mwamva? Akanakhala ndi backup mayiwo sakanakhala pakhonde.

TechNchalo: Tamva mdala. Check ya 2TB ndi maola angati? UPS yanga, yogwira seva magetsi akathima, sipirira.

Dyeratu: Maola ndithu, poti ndi madisiki ozungulira. Yambitsani usiku, mdstat ikuuzani nthawi yotsala.

Net_Nsanje: Pali china chomwe palibe watchula. Database ili pa array yomweyo? 20.04 imabwera ndi PostgreSQL 12, 22.04 ndi 14. Mukamaliza Loweruka, Lolemba anthu ayamba kulemba pa sda. Vuto likaoneka Lachitatu, sdb ili ndi za Lachisanu lapitalo. Ndiye mugwirizane ndi abwana tsiku lomwe njira yobwerera ikutsekedwa, alembe pa pepala. Ndipo masiku onsewo seva ikuyenda ndi mwendo umodzi.

Mdala wa Bangula: Nchifukwa chake ndikuti pg_dump, dump ya database ija, tsiku lililonse, pa external. Ndanena katatu. Mirror imakopera chilichonse, ngakhale zomwe mwafufuta molakwitsa, nthawi yomweyo.

Ngabu_sys: Palibe akukana mdala. Koma restore imadya tsiku lonse, kusintha chingwe ndi mphindi zochepa. Zonse ziwiri zikufunika.

Mdala wa Bangula: Imodzi ikufunika, inayo ndi yongothandizira.

Dyeratu: Za UPS zija achimwene, mabatire ake ndi a liti? Kutentha kwa kuno kwa Okutobala ndi Novembala kumawamaliza msanga, makamaka chipinda chopanda air con. Anga ndinawapeza atatupa, chivindikiro sichinkatsekekanso. Panopa seva ndinaiika pa inverter ya sola, UPS ili pakati kungogwira posinthana.

Net_Nsanje: Inverter yake pure sine? Ina imapangitsa UPS kumangolira osalandira moto.

Dyeratu: Pure sine. Mabatire ndinakatenga ku Limbe, koma onani tsiku lomwe anapangidwa, ena amakhala atagona m'sitolo nthawi yaitali.

Ngabu_sys: Alipo akukwera ku Blantyre sabata ino? Ndikufuna awiri a 12V 7Ah, ndalama nditumiza pa foni.