Ma email a seva yathu akubwezedwa ku Gmail, thandizeni

Muli bwanji akuluakulu, nafuna thandizo chonde. Nimasamalira webusaiti ya kashopu ka amalume ku Kamwala, ili pa VPS (seva yobwereka) ya Ubuntu na Postfix (pulogalamu yotumiza ma email), ndipo kasitomala akaoda seva imatumiza risiti pa email. Manje kuyambira sabata yatha ma email onse opita ku Gmail akubwerera na error 550 5.7.26 kuti wotumiza sanatsimikizidwe, ena amene afika ku Outlook akugwera mu spam, makasitomala akuimba foni ati sitinalandire kalikonse ndipo amalume akuyang'ana ine.

Nikudziwa kuti kuyambira February 2024 Gmail ifuna SPF (mndandanda wa ma seva ololedwa kutumiza ma email a domain) olo DKIM (siginecha ya pa email yoonetsa kuti yachokeradi ku domain imeneyo) kwa aliyense wotumiza. SPF ninaika, koma poyang'ana DNS (kumene kumalembedwa ma record a domain) napeza ma record a TXT awiri oyamba na v=spf1, lina ni lakale la email ya ku ofesi. Niwaphatikize likhale limodzi? Ndipo paja ma lookup a DNS mu SPF sayenera kupitirira 10, kodi ip4 (polemba IP ya seva mwachindunji) nayo imawerengedwa?

Pa DKIM ndiye pavuta kwambiri. Nayika OpenDKIM, kiyi ya 2048 bits, koma ni yaitali kupitirira zilembo 255, panelo ya DNS ikukana. Niidule pati, ma quote niyike bwanji kuti isaonongeke?

Chinanso, PTR (record yoonetsa dzina la seva kuchokera pa IP) ya IP yathu ikuonetsa dzina la kampani ya hosting osati domain yathu, nilembere iwo kuti asinthe? DMARC (lamulo louza olandira chochita na email yolephera SPF na DKIM) niyambe na p=none (kungoyang'anira chabe) kaye kapena niyembekeze zinazi zikhale bwino? Amene munakonzapo izi niuzeni poyambira.