Rauta yolembedwa 128Mb koma malo otsala ndi ochepa: extroot (kukulitsa malowo ndi USB) ingalimbe magetsi akamathimathima?

Akuluakulu odziwa za netiweki kuno ku Harare, tithandizeni nzeru pa marauta oyendera OpenWrt (pulogalamu yoyendetsa rauta). Marauta ena ogulitsidwa m'mashopu a m'tauni amalembedwa 128Mb pabokosi. "b" wamng'onoyo ndi megabit, choncho flash yake (malo osungira mapulogalamu mkati mwa rauta) ndi 16MB yokha, poti megabit 8 ndiye megabyte imodzi. Pamenepo U-Boot (pulogalamu yoyatsa rauta) imatengapo gawo lake, pa marauta ena kagawo ka ART kosunga zochunira wayilesi kamatenga 64KB, kernel (phata la pulogalamuyo) ndi squashfs (mafayilo opanikizidwa) ya OpenWrt zimadya zambiri, moti lamulo loonera malo la df -h limaonetsa /overlay (komwe mapakeji, mapulogalamu oonjezera, amaikidwa) itatsala ndi ma MB owerengeka. Musapusitsike ndi /tmp yooneka yaikulu, imeneyo ndi RAM (malo osungira kwakanthawi), rauta ikazima zonse zimafufutika.

Njira yodziwika ndi extroot: kuika mapakeji a block-mount ndi kmod-usb-storage, kukonza flash ya USB kukhala ext4 (mtundu wa kasungidwe ka mafayilo), kukoperamo /overlay, kenako kulemba UUID (nambala yozindikirira USB-yo) mu fayilo ya /etc/config/fstab. Vuto ndi magetsi. Akathima rauta ikulemba, ext4 imatha kuwonongeka, ndipo ikalephera kutseguka rauta imabwerera ku overlay yakale popanda mapakeji atsopano.

Tsono kwa rauta yopanda UPS (batire losunga magetsi), chimalimba n'chiti, ext4 kapena f2fs (kasungidwe kena kopangidwira flash)? Nanga e2fsprogs (pakeji yokonzera ext4) ikhale mu flash yamkati kuti diski izikonzedwa poyaka? Kapena kuli bwino kungomanga firmware (pulogalamu yonse ya rauta) yokhala kale ndi mapakejiwo ndi chida cha OpenWrt cha Image Builder, poti squashfs imapanikiza mapakeji kuposa JFFS2 (kasungidwe ka /overlay yamkati)?