Za nyumba ya amayi ku Mufakose: pomwe tafika

Mwezi watha ndinafunsa ngati tigulitse nyumba ya amayi ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, kuti tipeze ndalama zowasamalira, popeza sitiroko inawafooketsa mbali imodzi. Ambiri munati tisayerekeze. Tamvera.

Tachititsa lendi zipinda ziwiri zakumbuyo, ndipo ndalamayo ikulipira mayi wina wakumpingo amene amawasambitsa ndi kuwadyetsa masana. Penshoni ya malemu bambo yochokera ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni, imangothera pa mankhwala. Ya matewera amatumiza achimwene a ku Johannesburg.

Wilo amayi alemba mutu ukadali bwinobwino. Kuno wilo imalembedwa papepala n'kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri zopezeka nthawi imodzi, ndipo mboniyo isakhale mmodzi wa olandira chuma. Ndiye tinaitana aneba, osati ife ana. Chotidzidzimutsa n'chakuti m'mabuku a khonsolo nyumbayo ikadali m'dzina la bambo. Tiyenera kuyamba talembetsa chuma cha bambo kwa Master of the High Court, ofesi ya boma yoona za chuma chamasiye, kuti nyumba ipite kwa amayi monga mkazi wamasiye, apo ayi wiloyo ikugawa chinthu chomwe sichinalembedwe kuti n'chawo. Amalume a ku Dedza akudandaula kuti eni mbumba sanafunsidwe, koma malamulo a Zimbabwe salira chilolezo chawo.